Chilembo cha Mtovu pa Chipala cha kwa Jenala

Kwa Jenala, m'boma la Phalombe, kuseri kwa nyumba ya anganga anga aamuna kunali chipala pansi pa mtengo wa mango. Zipangizo zake zinali zowerengeka: mvukuto wa chikopa cha mbuzi, chidutswa cha njanji chosulirapo, nyundo ziwiri, mbaniro, tupa ndi dengu la makala. Alimi ankabwera ndi makasu akutha ndi nkhwangwa zobuntha. Asodzi a kunyanja ya Chilwa ankabwera ndi mabatire akale a galimoto kuti anganga awasungunulire mtovu wolemeretsa maukonde. Anganga sanapondeko m'kalasi, moti ngakhale dzina lawo sankatha kulizindikira papepala, koma chitsulo ankachidziwa. Akangoona kufiira kwake pamoto, ankadziwa ngati chapsa kapena ayi.

Chaka china, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, dera lathu likadali pansi pa boma la Mulanje, amalume anga amene ankagwira ntchito panyumba ina yosindikiza mabuku ku Blantyre anabwera kudzadya Khirisimasi. M'thumba la jekete anatulutsa kansalu komangidwa bwino. M'menemo munali tizitsulo totuwa, tangodya zinayi, totalika ngati nsonga ya chala kulekeza pa mfundo yoyamba. Kunsonga kwa kalikonse kunali chilembo, koma choyang'ana cham'mbuyo monga zimaonekera pagalasi. Amalume anati kuntchito kwawo kunabwera makina atsopano, ndipo tizitsulo timeneti ankatitaya.

Anganga anatola kamodzi, nakatembenuzatembenuza, kenaka nakapala ndi mpeni.

"Kameneka n'kamtovu, koma mtovu wake ngosakaniza. Kodi mabwana ako amasulira kuti zimenezi?"

"Sizisulidwa kuno, ababa. Zimabwera m'mabokosi kuchokera kunja."

"Ndiye kuti mawu onse ali m'Buku Lopatulika la amayi akowa anabwera m'bokosi?"

Tonse tinaseka, koma iwo sanaseke nawo. M'mawa mwake anakakumba dothi la pachulu, nalikanda mpaka litasalala, nadindamo kachitsulo ka chilembo cha M. Ataumitsa dothilo pafupi ndi moto, anathiramo mtovu wa m'batire. Choyamba chinatuluka chopanda miyendo. Chachiwiri chinali ndi timaenje. Chachinayi anachipaka mwaye wosakaniza ndi mafuta a nsatsi, nachidinda pachikuto cha kope langa la Sitandade 4. Chinali chonenepa m'mbali, chopendekeka pang'ono, koma aliyense wodziwa kuwerenga akanati ndi M. Atakhutira kuti n'zotheka, anganga anabwerera ku makasu awo.

Funso lawo lija landitsata mpaka lero. Kodi zinatheka bwanji kuti mtundu wa anthu odziwa moto ndi chitsulo chotere ulembe chinenero chake ndi zilembo zobwera m'bokosi?

Kuti tinali osula, palibe angatsutse. Zofukulidwa pansi m'malo ngati Nkope, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, zimasonyeza kuti anthu a dziko lino akhala akugwiritsa ntchito chitsulo kwa zaka zoposa 1,500. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapezako zipangizo zachitsulo ndi zamkuwa. David Livingstone, amene anafika panyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, anachita chidwi ndi kuchuluka kwa ng'anjo, ootcha makala ndi osula m'midzi ya Amang'anja, komanso ubwino wa makasu, nkhwangwa, mikondo, masingano ndi zibangili zimene ankapanga. Kumadzulo kwathu, m'chigwa cha Zambezi ndi ku Katanga, amisiri ankasungunula mkuwa n'kuuthira m'zikombole zooneka ngati mtanda, ndipo mitandayo inkayenda mitunda italiitali pamalonda. Kusula, kusema ndi kuthira m'chikombole zonse zinkadziwika m'chigawo chino cha Africa mzungu asanafike.

Maluso atatu omwewa ndiwo amabala chilembo chosindikizira. Ambiri timaganiza kuti ntchitoyi inayambira m'fakitale yaikulu, koma kwa zaka pafupifupi 400 inkachitika pamanja, m'kachipinda kosaposa khitchini. Njira imene inakhazikika ku Ulaya kuchokera m'masiku a Johannes Gutenberg, wa mumzinda wa Mainz ku Germany, cha m'ma 1450, inali ndi masitepe atatu. Gutenberg mwiniyo anachokera m'banja lodziwana ndi ntchito yosula ndalama, ndipo zitsulo ankazidziwa.

Poyamba mmisiri ankatenga kamtengo kachitsulo cholimba, n'kukafewetsa pamoto, n'kusema chilembo kunsonga kwake ndi tupa ndi timipeni tosongoka. Malo a m'kati mwa chilembo, monga kamimba ka O kapena ka A, sankawakumba. Ankasula kachitsulo kena kooneka ngati kamimbako n'kukakhomera pamenepo. Pofuna kuona ngati chilembo chikuoneka bwino, ankachiyandikiza pa lawi la nyali kuti chide ndi mwaye, n'kuchidinda papepala. Akakhutira, ankachiotcha mpaka chifiire n'kuchiviika m'madzi kuti chilimbe, monga momwe anganga ankalimbitsira nkhwangwa. Chidindo chimodzi chotere chinkatha kudya tsiku lathunthu kapena kuposerapo.

Kachiwiri, chidindocho ankachikhomera ndi nyundo pa kachidutswa ka mkuwa. Popeza mkuwa ngofewa poyerekeza ndi chitsulo, chilembo chinkalowa n'kusiya dzenje la maonekedwe ake. Kachidutswako ankakapala ndi tupa mbali zonse mpaka dzenjelo litakhala pamalo ake enieni, lakuya mofanana ndi la zilembo zinzake. Chimenechi ndicho chikombole, mayi wa zilembo zikwizikwi.

Kachitatu, chikombolecho ankachimangirira kunsi kwa kabokosi kachitsulo ka mbali ziwiri, kokutidwa ndi thabwa kuti kasaotche dzanja. Mbali ziwirizo zinkasendezeka, kuti kabokosi kamodzi komweko kakwane chilembo chowonda ngati I ndi chotambalala ngati M. Mmisiri ankatunga mtovu wosungunuka ndi kachipande kachitsulo, n'kuthira, nthawi yomweyo n'kugwedeza dzanja mwamphamvu kuti mtovu ufike m'ngodya zonse usanaume. Akatsegula, chilembo chinkagwa. Wozolowera ankapanga zikwi zingapo patsiku. Ena ankathyola kamchira kotsalira, n'kupala zilembozo pamwala kuti zisalale. Zonse zinkayenera kutalika mofanana ndendende. Muyeso umene unadzakhazikika ku Britain ndi ku America unali mamilimita 23.3. Chilembo chachifupi sichikhudza pepala, chachitali chimaliboola.

Chinsinsi china chinali m'kasakanizidwe. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, kutentha kumene mbaula ya makala imafikira mosavuta, pamene mkuwa umafuna madigiri oposa 1,000. Koma mtovu wokhawokha ngofewa, ndipo ukamauma umafota n'kusiya ngodya zobuntha. N'chifukwa chake ankauphatikiza ndi tini, amene amathandiza kuti uyenderere bwino, ndi antimoni, amene amaulimbitsa ndi kuchititsa kuti chilembo chituluke chakuthwa m'mbali. Nditakula ndinadzamva kuti timafelemu ta m'kati mwa mabatire akale timakhala kale ndi antimoni pang'ono. Anganga anali pafupi ndi yankho kuposa momwe ankaganizira. Chimene chinawagwetsa ndi dothi, lomwe silisunga ngodya monga mkuwa.

Komabe njira yawo yodinda m'dothi inali ndi achibale ake kutali. Ku Korea amisiri ankasema zilembo pamtengo, n'kuzidinda mumchenga wosalala wonyowa, n'kuthiramo mkuwa wosakaniza. Buku lotchedwa Jikji, limene amonke a Chibuda anasindikiza pakachisi wa Heungdeok m'chaka cha 1377, ndilo lakale kwambiri mwa mabuku osindikizidwa ndi zilembo zachitsulo amene alipo lero. Linatsogola ndi zaka 78 Baibulo la Gutenberg la 1455 lisanatuluke, ndipo likusungidwa ku Paris.

Nkhani ina yofanana kwambiri ndi ya pachipala chathu inachitika ku Canada. M'chaka cha 1840 mmishonale James Evans anali ku Norway House, kutali ndi mzinda uliwonse, pakati pa anthu a mtundu wa Cree. Chinenero chawo chinkalembedwa ndi zizindikiro zimene panalibe fakitale yozipanga, ndipo kampani ya Hudson's Bay, imene inkalamulira derali ndi mayendedwe ake, sinafulumire kumulola kuitanitsa makina. Evans anasonkhanitsa mtovu wopyapyala umene ankayala m'kati mwa mabokosi a tiyi, nausungunula, nayesa zikombole zosiyanasiyana mpaka zilembo zitatuluka. Inki anapanga ndi mwaye ndi mafuta a nsomba, ndipo posindikiza anagwiritsa ntchito chopsinjira zikopa za nyama. M'chaka cha 1841 kabuku ka nyimbo kanatuluka, ndipo kuwerenga kunafala pakati pa anthu a Cree, wina kuphunzitsa mnzake.

Muno mu Africa, amene anayenda ulendowu kuyambira pachiyambi ndi mfumu Ibrahim Njoya ya anthu a Bamum ku Foumban, m'dziko la Cameroon. Cha m'ma 1896 iye anapeka zilembo za chinenero chake. Poyamba zinali mazanamazana, koma anapitiriza kuzichepetsa mpaka zinatsala pafupifupi 80 pofika 1910. Anatsegula sukulu, nalembetsa mbiri ndi miyambo ya anthu ake, ndiponso za mankhwala. Kenaka anaona kuti kukopera pamanja n'kochedwa. Pabwalo pake panali amisiri a mkuwa odziwa kuumba chinthu ndi phula, kuchikuta ndi dothi, kusungunula phulalo n'kuthira mkuwa m'malo mwake. Ndi njira imeneyi, m'zaka za m'ma 1910, anamupangira zilembo zosindikizira. Tsoka ilo, nthawi yomweyo dziko lake linachoka m'manja mwa Ajeremani n'kugwera m'manja mwa Afalansa, amene sanakondwe ndi mfumu yokhala ndi sukulu ndi zilembo zakezake. Mbiri imati mfumuyo itakhumudwa inalamula kuti zilembozo zisungunulidwe. M'chaka cha 1931 Afalansa anaipirikitsira ku Yaoundé, kumene inamwalira mu 1933.

Nanga kuno kwathu? Amishonale a ku Scotland atakhazikika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, sanachedwe kuona kuti sukulu ndi tchalitchi sizingayende popanda mabuku. Makina ang'onoang'ono opsinja ndi manja, pamodzi ndi mabokosi a zilembo, anabwera pasitima kudzera mu Zambezi ndi Shire, n'kukwera mapiri pamitu ya amtengatenga. Pofika 1888 mishoni ya Blantyre inali kusindikiza magazini ya Life and Work, ndipo inatulutsanso kanyuzi ka Chimang'anja kotchedwa Kalilole. Ku Likoma, ku Livingstonia ndi kwa amishoni a Dutch Reformed ku Mvera ndi ku Nkhoma kunabweranso makina, ndipo pambuyo pake Akatolika anatsegula zawo ku Likuni ndi ku Limbe. Mabuku akuluakulu ankapitabe kunja: dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott inasindikizidwa ku Edinburgh mu 1892, ndipo Buku Lopatulika la 1922 nalo linasindikizidwa kutsidya kwa nyanja.

Ana a dziko lino anaigwira ntchitoyi mwaluso. Wosanja zilembo ankaimirira tsiku lonse pamaso pa bokosi la timagawo tambirimbiri, kutola chilembo chimodzichimodzi, kuwerenga cham'mbuyo ndiponso chozondoka, ndipo akamaliza kusindikiza ankabwezera chilichonse m'kagawo kake. Mungo Murray Chisuse anapita ku Edinburgh kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 kukaphunzira kusindikiza, ndipo anayang'anira ntchitoyi pamishoni ya Blantyre kwa zaka zambiri. Ndi yemweyo amene anajambula zina mwa zithunzi za John Chilembwe zimene timazidziwa. Koma maphunziro a pamishoni anali a kusanja, kusindikiza ndi kusoka mabuku. Kusema chidindo ndi kukhoma chikombole sikunali pandandanda.

Zifukwa zake sizovuta kuzipeza. Pamene makina oyamba ankafika kuno, ku Ulaya ndi ku America komweko ntchito yamanja ija inali itayamba kufa. David Bruce wa ku New York anali atapanga kale makina othira zilembo mu 1838, ndipo mafakitale ngati Miller & Richard ya ku Edinburgh ankagulitsa zilembo pasikelo. Mu 1886 kunabwera Linotype ya Ottmar Mergenthaler, yothira mzere wathunthu nthawi imodzi. Makina a mtunduwu atafika m'nyumba zosindikizira za kuno, mtovu unkasungunulidwa pompano, koma zikombole zamkuwa za m'kati mwake zinali zoitanitsa. Kugula kunali kotchipa kuposa kupanga.

Nthawi yomweyo ng'anjo zathu zinali kuzima. Nkhondo zogwira akapolo ndi chilala cha 1862 ndi 1863 zinabalalitsa midzi ya Amang'anja ija Livingstone anaiona. Kenaka masitolo anadzaza ndi makasu a kunja, ndipo zitsulo zotayidwa zinachuluka. Pofika zaka za m'ma 1930 kuyenga chitsulo kuchokera ku mtapo kunali kutatha ngakhale ku Kasungu ndi kwa Aphoka ku Rumphi, kumene kunakhalitsa. Ofufuza Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery atafuna kuona ntchitoyi ndi maso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anachita kufunafuna nkhalamba zimene zinaiona zili ana. Wosula anatsala wokonza zothyoka. Iye anali kumudzi ndi nyundo yake, wophunzira anali kumishoni ndi bokosi lake, ndipo panalibe wowakumanitsa monga anachitira Njoya. Chodabwitsa n'chakuti mtovu weniweniwo sunali patali. Unkakumbidwa ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe m'dziko la Zambia, mgodi umene unatsekedwa mu 1994, ndipo Anyasa ambiri anakhetsa thukuta kumigodi ya dziko limenelo.

Wina anganene kuti palibe chimene tinataya, poti mabuku tinawerenga ndithu. Koma akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Mwini zilembo ndiye ankasankha mawu oti atuluke. Mu Novembala 1914, John Chilembwe atafuna kudandaula za Afirika amene ankafera nkhondo ya azungu, analibe kwina kopita koma kunyuzipepala ya azungu omwewo, Nyasaland Times, ndipo boma linaitsekereza kalatayo kuti isafale. Kumapeto kwa 1959, chipani cha Nyasaland African Congress chitaletsedwa, Aleke Banda ndi anzake anayamba Malawi News ndi makina opukusa pamanja a sitensulo. Mu Malichi 1992 mabishopu a Katolika anatha kulankhula ndi dziko lonse tsiku limodzi chifukwa mpingo unali ndi makina akeake ku Balaka, ndipo okwiya ndi kalatayo anadziwa pokalipsira: anakayatsa moto panyumba yosindikizirayo.

Ife a ku Phalombe nkhaniyi imatikhudza mwapadera. Makolo athu ambiri anaoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira m'zaka za m'ma 1890, akulankhula Chilomwe. Lewis Mataka Bandawe anathera zaka zambiri ku Mihecani akumasulira Chipangano Chatsopano m'chinenerochi, ndipo chinatuluka cha m'ma 1930. Koma kupatula mabuku ochepa a mpingo, eni makina sanaone phindu losindikiza Chilomwe. Chinenero chosaoneka papepala ana amachiyesa cha nkhalamba, ndipo lero kwa Jenala achinyamata ochilankhula bwino ngowerengeka. Zifukwa zilipo zambiri, kuphatikizapo kunyozedwa kumene Alomwe anakumana nako m'minda ya azungu, koma kusowa kwa mabuku ndi chimodzi mwa izo.

Ngakhale Chichewa chomwe chili ndi chipsera chake. M'dzina la dziko lathu muli liwu limene anthu a chigawo cha pakati amalitchula mosiyana ndi w wamba, ndipo limalembedwa ndi kadenga pamwamba: ŵ. Pamasitampa a positi tinkaona Malaŵi wa kadenga. Koma chilembo chimenechi sichinali m'bokosi la Chingerezi, ndipo mataipi a m'maofesi analibe. Wosindikiza ankayenera kuchiitanitsa mwapadera, mlembi ankachita kuwonjezera kadengako ndi cholembera, ndipo ambiri ankangokasiya. Mmisiri mmodzi wokhala ndi tupa ndi kachidutswa ka mkuwa akanathetsa vutoli m'masiku awiri.

Masiku a mtovu anapita, ndipo sindikuwalirira. Mtovu ndi poizoni: utsi ndi fumbi lake zimawononga ubongo, makamaka wa ana, ndipo anthu a ku Kabwe akuvutika nazo mpaka pano. Ndikakumbukira momwe tinkaunjikana pafupi ndi chiwaya cha anganga, thupi limachita tsembwe. Aliyense wophwanya batire pakhomo aleke. Lero chilembo chimajambulidwa pakompyuta, popanda moto kapena utsi. Koma funso lija silinasinthe. Zilembo za mufoni yanu anajambula ndani, ndipo anaganizira chinenero chanu? Tafufuzani ŵ pamabatani ake muone. Nolence Mwangwego anayamba kupeka zilembo za zinenero za m'Malawi mu 1979 nazionetsa kugulu mu 1997, ndipo ntchito yoti zilowe m'makompyuta yatenga zaka zambiri. Khoma limene akulimbana nalo ndi lomwe lija la Njoya: kupeka chilembo n'kwina, kukhala ndi chikombole chake n'kwinanso. Kusiyana kwake n'kwakuti lero mnyamata kapena mtsikana wa ku Migowi wokhala ndi kompyuta angathe kujambula zilembo zonse za Chichewa, Chilomwe ndi Chiyao popanda kupempha chilolezo kwa munthu.

Chotsala ndi kusunga zakale zija. M'zipinda zina zakumbuyo za mishoni ndi nyumba zosindikizira mungapezekebe mabokosi a zilembo atachita fumbi, ndipo ogula zitsulo zakutha sasankha. Zilembo zimene zinasindikiza mabuku athu oyamba a sukulu ndi a nyimbo zikuyenera malo kunyumba yosungira zakale ku Chichiri, pafupi ndi makasu ndi mivukuto ya makolo athu, kuti mwana woona zonsezo pamodzi adzifunse chimene anganga anafunsa.

Tizitsulo ta amalume tija sitinakhalitse. Dzinja lomwelo asodzi anabwera, mtovu unachepa, ndipo anganga anatiponya tonse m'chiwaya. Zilembo zimene mwina zinasanjapo masalimo zinakathera pansi pa nyanja ya Chilwa zikukoka ukonde wa matemba. Chinatsala ndi M wopendekeka uja, amene amayi anamusunga m'kachitini ka mabatani. Ndikamuika pachikhatho ndimaonabe mizere ya tupa ya anganga, munthu amene sankadziwa kuti chilembo chimene wapangacho ndicho choyamba m'dzina la dziko lake.